Mwana wa ku Chegutu ndi Shelefu Yopapatiza: Kuunika Mabuku a Ana a m'Chichewa

Mawu Oyamba

Mwana sabadwa akudziwa kuti pakati pa therere ndi chigwada ndiwo yomukomera ndi iti. Amadziwa atalawa zonse ziwiri, mwinanso atalavula imodzi kangapo. Mayi aliyense wophika amaidziwa mfundo imeneyi, koma zikuoneka kuti ife amene timalemba, kusindikiza ndi kuphunzitsa mabuku a m'Chichewa sitinaigwiritse. Timadandaula kuti ana sakonda kuwerenga m'chiyankhulo cha makolo awo, osadzifunsa kuti tawapakulira mitundu ingati ya mabuku yoti asankhepo. M'nkhani ino ndiunika mabuku a m'Chichewa omwe mwana wamng'ono angakumane nawo, ndipo ndiwayang'ana ndi maso a mwana wa ku Chegutu ndi Kadoma m'dziko la Zimbabwe. Ndasankha mwana ameneyu chifukwa ali ndi poyerekezera: tsiku lililonse amaona zomwe Chishona ndi Chingerezi zimamupatsa, ndiye kuperewera kwathu kumaonekera poyera kwa iye kuposa kwa mnzake wa ku Dowa kapena ku Katete. Mfundo yanga ndi yakuti vuto lalikulu la mabuku athu a ana ndi kufanana kwawo. Kuchepa kwawo ndi vuto lachiwiri.

Ana Ake ndi Ati?

Chegutu, tauni yomwe mpaka chaka cha 1982 inkatchedwa Hartley, ili m'mbali mwa msewu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, m'chigawo cha Mashonaland West. Patsogolo pake pali Kadoma, yomwe kale inali Gatooma. Dera limeneli ndi la golide ndi thonje. Migodi monga Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari ndi Pickstone, mafamu akuluakulu, komanso fakitale ya nsalu ya David Whitehead, zinakoka anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena anabwera wapansi, ena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito lomwe makolo athu ankalitcha Mthandizi, ndipo chiwerengero chawo chinali chachikulu m'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ambiri sanabwerere kwawo, ndipo kumudzi anawatcha matchona. Mbiri yawo yafufuzidwa bwino ndi Anusa Daimon m'kafukufuku wake wa udokotala wa 2015, komanso ndi Zoe Groves m'buku lake la 2020.

Ana omwe tikukamba ndi zidzukulu ndi zidzukulutudzi za anthu amenewa. Ndi nzika za Zimbabwe, ngakhale kuti lamulo la unzika la 2001 linasiya makolo awo ambiri m'malere, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonzako zinthu. Malamulo omwewo, m'gawo 6, anavomereza ziyankhulo 16, ndipo chifukwa cha ndondomeko ya afabeti, Chichewa ndicho choyamba pa mndandandawo. Komabe mwana wa ku Pfupajena kapena ku Rimuka amasewera m'Chishona, amalemba mayeso ambiri m'Chingerezi, ndipo Chichewa amachimva kwa agogo, kutchalitchi kapena kumzikiti, kumaliro, kubwalo la Gule Wamkulu, pa wailesi ya National FM, ndi m'nyimbo zina za sungura zomwe Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso anaimba m'chiyankhulochi. Choncho khutu lake limachidziwa Chichewa. Funso ndi lakuti diso lake limachiona kuti.

Zomwe Zili pa Shelefu

Nditacheza ndi mabanja angapo m'komboni ina kufupi ndi Chegutu, ndinkapempha kuti andionetse chilichonse cholembedwa m'Chichewa chomwe chili m'nyumba. Pafupifupi paliponse ananditulutsira Buku Lopatulika, lomwe linasindikizidwa koyamba lathunthu mu 1922, ndi buku la Nyimbo za Mulungu. Izi sizodabwitsa, pakuti mpingo wa ku Nkhoma unayamba kutsatira akhristu ake ku Southern Rhodesia mu 1912, ndipo kuyambira pamenepo mpingo ndiwo wakhala mlonda wamkulu wa Chichewa cholembedwa m'dzikolo. M'nyumba imodzi gogo wina anasolola m'sutukesi buku lakale lasukulu lopanda chikuto, lomwe mchimwene wake anabwera nalo kuchokera ku Ntcheu. Nditafunsa mdzukulu wake wazaka zisanu ndi zitatu ngati analiwerengapo, anandiyankha mwaulemu kuti limenelo ndi buku la agogo, ndipo salikhudza.

Yankho la mwanayo ndi chiweruzo chachikulu pa zolemba zathu. Kwa iye, buku la m'Chichewa ndi chinthu chopatulika, chosungidwa pansi pa zovala za pa Sabata, chotsegulidwa ndi akuluakulu pa nthawi ya mapemphero kapena ya maliro. Buku loseketsa, la zithunzi, loti n'kuligonera kapena kulidetsa ndi manja a mango, limabwera m'Chingerezi kapena m'Chishona. Mwana wotere amaphunzira phunziro lomwe palibe anafuna kumuphunzitsa: kuti chiyankhulo cha agogo ndi chopempherera ndi kulangira basi.

Mabuku Omwe Timawanyadira

Wina anganene kuti tingotumiza ku Chegutu mabuku athu otchuka. Tiyeni tiwaunike. Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, linapambana mphotho ya bungwe la International Institute of African Languages and Cultures mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Bukuli limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa: ubwana wopulupudza, ulendo wokafuna ntchito kutali ndi kwawo, ufumu ndi kutembenuka mtima. Mphamvu yake ili m'magawo a ubwana ndi unyamata, momwe Nthondo ali wakuba ndi wosamva, pakuti m'menemo mlembi amaona munthu ndi maso akuthwa. Akatembenuka mtima, mpangankhaniyu amasanduka chitsanzo, ndipo nkhani imazirala. Ndi buku lofunika kwa wophunzira wa ku sekondale, koma kwa mwana wazaka zisanu ndi ziwiri ndi mtolo wosasenzeka.

Sikusinja ndi Gwenembe la John W. Gwengwe, lomwe linatuluka m'zaka za m'ma 1960, lili pafupi kwambiri ndi mwana wathuyu. Muzu wake ndi nthano ya abale awiri opita kutali kukagwira ntchito. Wina apeza chuma, wina abwerera chimanjamanja, ndipo nsanje ibala kuphana panjira, mpaka mbalame iulula chinsinsi mwa nyimbo. Apa pali zonse zomwe mwana amafuna: mantha, chinsinsi, kubwerezabwereza, ndi nyimbo yoti omvera avomereze. Palinso china chomwe wowerenga wa ku Malawi sangachione msanga. Nthanoyi imaona ulendo ndi maso a otsala kumudzi, odikira katundu ndi kufunsa za amene sanabwerere. Mwana wa ku Chegutu ndi mbewu ya amene sanabwerereyo. M'nthano zathu zambiri za ulendo, kunja ndi malo oonongera khalidwe, ndipo wabwino ndi amene wabwerera kumudzi. Nanga mwana amene kwawo ndi kunjako adzipeza pati? Sindikunena kuti bukuli asapatsidwe. Apatsidwe, koma pambali pake pakhale nthano ina yomwe komboni ndi mudzi weniweni, momwe anthu amabadwira, kukondana ndi kuikidwa m'manda.

Kukula ndi Mwambo la mlembi yemweyo, lomwe linatuluka mu 1965, ndi Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga ndi nkhokwe za miyambo ndi miyambi. Palibe wophunzira Chichewa angazinyalanyaze. Koma onse awiri ndi mabuku omwe wamkulu amayankhula, mwana n'kumamvetsera atapinda miyendo. Ntchito za Pakamwa la E. J. Chadza lili ndi mawu ovinitsa lilime, ndipo mphunzitsi waluso akhoza kusankhamo ndakatulo zowerengera ana mokweza, ngakhale kuti nalonso linalembedwa ndi kalasi m'maganizo.

Nthenda ya Phunziro

Kufanana kwa mabukuwa kuli ndi chiyambi chake. Zolemba za m'Chichewa zinabadwira m'nyumba zosindikizira za mishoni, n'kuleredwa ndi bungwe la boma losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1948, kenaka ndi silabasi ya sukulu, makamaka Chichewa chitakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko ku Malawi mu 1968. Mlembi ankadziwa kuti buku lake lidzagulidwa pokhapokha mbusa kapena woyendera sukulu atalivomereza. Zotsatira zake n'zakuti pafupifupi nkhani iliyonse inayenera kutha ndi phunziro, ndipo funso loyamba la mphunzitsi linakhala lakuti nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani.

Ngakhale Kalulu anavulala nayo nthendayi. Pabwalo, madzulo, Kalulu ndi tambwali: amanamiza Njovu, amadyera Fisi masuku pamutu, ndipo ana amaseka chifukwa wamng'ono wagonjetsa wamkulu. Nthano ikalowa m'buku la sukulu, nyimbo imafupikitsidwa, kuvomera kwa omvera kumachotsedwa, ndipo kumapeto kumamatidwa chiganizo chochenjeza kuti chinyengo n'choipa. Wofotokoza nthano wakale ankakhulupirira kuti omvera ake atola okha tanthauzo. Mlembi wa buku la sukulu sawakhulupirira. Julius Chongo, amene ankafotokoza nthano za Poceza m'Madzulo pa wailesi ya ku Zambia, ndipo luso lake analifufuza Ernst Wendland, anasonyeza kuti Chinyanja chikhoza kuseketsa, kuopseza ndi kudabwitsa popanda kuvala mkanjo wa mlaliki. Luso lotere silinafike mokwanira m'mabuku a ana aang'ono.

Louise Rosenblatt, m'buku lake la 1978, anasiyanitsa kuwerenga kofuna kutolapo mfundo ndi kuwerenga kofuna kukhala m'kati mwa nkhani. Zonse ziwiri n'zofunika, koma chikondi cha mabuku chimamera pa kwachiwiriko. Ngati buku lililonse la m'Chichewa litsatiridwa ndi mafunso, mwana adzaliona ngati mankhwala. Angathe kumwa, koma sadzapempha ena.

Mitundu Yomwe Ikusowa

Rudine Sims Bishop analemba mu 1990 kuti ana amafuna mabuku okhala ngati kalilole, momwe amadzionera okha, ndi ena okhala ngati zenera, momwe amaonera moyo wa anzawo. Mwana wa ku Chegutu alibe kalilole m'Chichewa, ndipo mazenera ake onse amayang'ana kumudzi wa makedzana. Choyamba chosowa ndi buku lofotokoza zinthu. Mwana amene malume ake amakumba golide akhoza kukondwa ndi kabuku kofotokoza momwe mwala umaperedwera, chifukwa chake golide amatsalira pansi pa mbale pochapa mchenga, ndi kuopsa kwa mekyule m'madzi a mtsinje wa Mupfure. Wina angakonde ulendo wa thonje kuchokera m'munda mpaka kukhala nsalu. Pali ana ambiri, makamaka amene timawatcha osakonda kuwerenga, omwe nthano siziwakoka koma amafuna kudziwa momwe sitima ya pamtunda imayendera. Tikawapatsa nthano zokhazokha timawataya.

Chachiwiri ndi buku la nthabwala ndi masewera a mawu: zilapi, timawu topinda lilime, nyimbo zowerengera manambala, ndakatulo zopanda phunziro lina koma kukoma kwa kamvekedwe. Chichewa chili ndi chuma cha mawu ofanizira monga phwii, psuu, balalabalala ndi nyomi, omwe mwana wazaka zinayi amawakonda asanadziwe n'komwe zilembo. Chachitatu ndi nkhani za masiku ano, momwe ana ndiwo amathetsa vuto: mbuzi yosowa, mpira wobedwa, mlendo wokayikitsa pa siteshoni. Chachinayi ndi mbiri ya anthu yolembedwa mwachidule, kuphatikizapo ulendo wa agogo awo kudutsa Zambezi. Chachisanu ndi buku la zithunzi zokhazokha, lomwe gogo wosadziwa kuwerenga akhoza kulifotokoza m'Chichewa, mdzukulu n'kuyankha m'Chishona, onse n'kukhala eni ake a nkhaniyo.

Olemba akuluakulu a mu Africa sanaione ntchitoyi ngati yonyozeka. Chinua Achebe analemba Chike and the River mu 1966. Ngugi wa Thiong'o analembera ana nkhani za Njamba Nene m'Chigikuyu m'zaka za m'ma 1980. Ku Zimbabwe komweko Charles Mungoshi analandira mphotho ya Noma mu 1992 chifukwa cha buku la nthano za ana lotchedwa One Day, Long Ago. Ife olemba m'Chichewa tazolowera kusiyira ntchitoyi okonza silabasi.

Nkhani ya Kalembedwe

Pali chopinga china chomwe katswiri wa ziyankhulo sangachidumphe. Mwana wa ku Chegutu amaphunzira kuwerenga m'kalembedwe ka Chishona, komwe maziko ake anaikidwa ndi Clement Doke mu 1931, n'kukonzedwanso mu 1955 ndi 1967. Zambiri zimathandiza: mavawelo ndi asanu mofanana, ndipo maphatikizo amamangidwa mofanana. Koma pali misampha. Chishona chovomerezeka chilibe chilembo cha l, pomwe Chichewa chimagwiritsa l ndi r. Liwu la m'mphuno lomwe ife timalemba ng' m'mawu akuti sing'anga, Chishona chimalemba n' m'mawu akuti n'anga. Chilembo cha h pambuyo pa p, t ndi k chimasonyeza mpweya m'Chichewa, ndipo chimasiyanitsa matanthauzo, monga pala ndi phala. M'Chishona h amaoneka m'malo ena, monga bh ndi dh. Pamwamba pa izi, buku lochokera ku Zambia lidzalemba c pomwe la ku Malawi lilemba ch.

Zimenezi si mapiri. Mwana wodziwa kale kuwerenga Chishona akhoza kuzigwira m'masiku ochepa ngati wina amuonetsa, ndipo tsamba limodzi kumayambiriro kwa buku lingakwanire. Chovuta kwambiri ndi mtima wathu. Chichewa cha m'makomboni a ku Zimbabwe chasakanikirana ndi Chishona ndi Chilapalapa kwa zaka zoposa zana. Mkonzi wa ku Zomba, atagwira Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000, adzafuna kuchiyeretsa. Ndikupempha kuti asafulumire. Mawu a wofotokoza nkhani atsate malamulo a kalembedwe, koma ampangankhani ayankhule monga amayankhulira anthu a ku Chakari. Mwana akaona kayankhulidwe ka amayi ake katasindikizidwa, amadziwa kuti bukulo ndi lake. Akauzidwa pa tsamba loyamba kuti Chichewa chake n'cholakwika, adzalitseka, pakuti kunyozedwa chifukwa cha mtundu wake wakumva kale kokwanira kubwalo la sukulu.

Mabuku a pa Intaneti

Kuyambira 2014, ntchito ya African Storybook, yoyendetsedwa ndi bungwe la Saide ku South Africa, yaika pa intaneti timabuku ta zithunzi taulere m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo chathu. Aliyense akhoza kutiwerenga pa foni, kutisindikiza, kutimasulira kapena kulemba take. Kwa nthawi yoyamba, shelefu ya mwana wa ku Chegutu ikhoza kukula popanda kudikira lole yochokera ku Blantyre, ndipo mitundu yake ndi yambiri kuposa yomwe tinazolowera. Koma woweruza zolemba ayenera kunena zoona: timabuku tambiri totere tinamasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo m'tina mafupa a Chingerezi amaonekera. Ziganizo zimakhala zolondola koma zouma, zopanda mawu ofanizira, zopanda kamvekedwe koti gogo awerenge mokweza osapunthwa. Njira yoyesera ndi yapafupi: werengerani ana mokweza, muone ngati apempha kuti mubwereze. Ophunzira athu a m'mayunivesite, amene chaka ndi chaka amalemba kafukufuku wodandaula za kufa kwa ziyankhulo, akanachita bwino kulembako timabuku tiwiri aliyense ndi kukatiyesa pa ana enieni.

Kuyankha Otsutsa

Kholo lina lidzati mwana wanga akufunika Chingerezi kuti apeze ntchito, Chichewa amva kunyumba. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, makamaka kwa anthu omwe anataya ntchito ndi pokhala pamene mafamu ankalandidwa kuyambira 2000. Koma luso lowerenga silikhala m'chiyankhulo chimodzi. Mwana wozolowera kutsata nkhani, kulosera mathero ndi kusankha buku amanyamula zizolowezizo kupita nazo ku Chingerezi. Kafukufuku wa Warwick Elley ndi Francis Mangubhai ku Fiji, wofalitsidwa mu 1983, anasonyeza kuti ana a m'sukulu za kumidzi atapatsidwa mabuku ambiri osangalatsa anapita patsogolo pa kuwerenga kuposa anzawo omwe ankangotsata maphunziro a masiku onse. Mabukuwo anali a Chingerezi, koma chomwe chinagwira ntchito ndi kuchuluka ndi kukoma kwa zowerenga.

Wina adzati msika ndi waung'ono. Atonga a ku Binga anamvanso mawu omwewo, koma atalimbikira, chiyankhulo chawo chinalembedwa pa mayeso a Giredi 7 kwa nthawi yoyamba mu 2011. Ndipo Chichewa chili ndi mwayi womwe ziyankhulo zina zazing'ono za ku Zimbabwe zilibe: owerenga mamiliyoni ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Buku lonena za mwana wa ku Kadoma likhoza kukhala kalilole kwa iye, n'kukhalanso zenera kwa mwana wa ku Mchinji, amene mwina ali ndi abale kumeneko omwe sanawaonepo.

Mawu Omaliza

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo nthawi zambiri mwambiwu timautanthauzira ngati chilolezo chowongola mwana ndi malangizo. Mlimi amadziwanso tanthauzo lina: mbewu yaing'ono imafuna nthaka yotakasuka. Udindo wa kholo, mphunzitsi wa Sande sukulu kapena woyang'anira laibulale ndi kuyala pamphasa mabuku osiyanasiyana, kuwerenga mokweza tsamba limodzi kapena awiri a lililonse, ndi kulola mwana kutola lomwe wafuna. Akalisiya pakati, asakalipiridwe, pakuti kukana buku ndi chiyambi cha kudziwa chomwe umakonda. Akafuna lomwelo kakhumi, awerengeredwe kakhumi. M'malo momufunsa phunziro, afunsidwe pomwe panamuseketsa kapena pomwe sanakhulupirire.

Koma mphasayo singayalidwe ngati palibe choyalapo, ndipo apa mlandu ukubwerera kwa ife olemba, omasulira ndi aphunzitsi a m'mayunivesite. Malamulo a 2013 anapatsa Chichewa malo pa pepala. Kudzaza malowo ndi ntchito yathu. Mtsikana uja wa m'komboni sanalakwe ponena kuti buku la m'sutukesi ndi la agogo. Tsiku lomwe adzakhale ndi mabuku asanu a m'Chichewa, n'kunena kuti awiri ndi okoma, limodzi n'lotopetsa, ndipo enawo sanawatsegule, tidzadziwa kuti ku Chegutu kwabadwa wowerenga.